Zala Ziwiri za Yosmer

1. Alenje Akubwera

Mphekesera inayambira kumsika wa nsomba, ndipo pofika masana tauni yonse ya Carúpano inali itamva kuti alenje akubwera Loweruka. Awa si alenje a nyama ayi, koma aja amatumidwa ndi matimu akuluakulu a besibo a ku Amereka kuti azisaka anyamata aluso. Amavala zipewa zoyera, mawotchi ali lende m'khosi, ndipo kuseka sakudziwa. Akangoloza mwana wa munthu, banja lonse limayamba kugona tulo tabwino.

Yosmer Quiaro anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anali wowakha mu timu ya anyamata ya Bwana Rondón. Ntchito ya wowakha ana ambiri amaithawa. Anzako akuthamanga m'bwalo, atsikana akuwaombera m'manja, iwe wanyonyomala kumbuyo kwa womenya mpira, nkhope ili m'chigoba chachitsulo, thukuta lili kamukamu. Woponya akaponya, womenya n'kuphonya, mpirawo umathera m'dzanja lako kapena pathupi pako.

Koma Yosmer ankainyadira ntchitoyi, chifukwa wowakha ndiye amauza woponya mpira woti aponye. Amatero ndi zala, mobisa pakati pa miyendo. Chala chimodzi ndiye kuti mpira wowongoka, waliwiro. Zala ziwiri ndiye kuti mpira wokhota, umene umabwera ngati wabwinobwino kenako n'kugwera m'fumbi pamapazi pa womenya.

Chimene chinamutchukitsa kwambiri chinali mkono wake. M'bwalo muli mitsamiro itatu imene womenya akamenya mpira amathamanga kuiponda motsatizana kuti akapeze chigoli. Wothamanga wa timu ina akati abe mtunda, kuchoka pa mtsamiro woyamba kupita pa wachiwiri mpira usanamenyedwe, Yosmer ankadzambatuka n'kuponya ngati walasa ndi legeni. Wakubayo ankafika n'kupeza mpira ukumudikira. Anthu ankati mkono umenewu udzamukweza ndege.

Amayi ake, a Zuleima, amene ankakazinga maempanada, zitumbuwa zoika nsomba m'kati, pakhomo la msika, zimenezi ankazimva ndi khutu limodzi. "Ndege ikhoza kudikira," ankatero. "Sukulu isanathe, mwana wanga sapita kulikonse."

2. Uphungu wa Bwana Rondón

Lachinayi atamaliza kukonzekera, Bwana Rondón anamukokera Yosmer pambali n'kumugwira paphewa. Anali munthu wa mawu okoma ndi mafuta onunkhira, ndipo mnyamata wake aliyense akatengedwa ndi alenje, iwo ankapezapo cholowa.

"Tamvera kuno, mwana wanga," anatero. "Alenje aja sakubwera kudzaona amene wapambana. Zigoli alibe nazo ntchito. Mawotchi aja ndi oyezera mkono wakowu. Ndiye wothamanga akangoima pa mtsamiro woyamba, iwe uziitanitsa chala chimodzi basi. Mpira wowongoka umafika msanga, umauwakha uli wokonzeka kuponya. Wokhota uja umagwa pansi, ndipo pamene iwe ukukwawa kuufunafuna, wakuba wafika kale. Alenje aona chiyani pamenepo? Msana wako?"

"Koma bwana, paja mwati wotsiriza kuponya ndi Leudis," anayankha Yosmer. "Wowongoka wake ndi wozizira, amaumenya mpaka kumsika. Mphamvu yake ili pa wokhota."

"Kodi Leudis unabereka ndiwe?" anafunsa Bwana Rondón akuseka. "Munthu wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ku besibo ndi nkhalamba. Ndangomuikapo kuti chiwerengero chikwane. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wanga. Dziganizire wekha."

Leudis Marval anali wa nyumba yoyandikana ndi ya Yosmer. Anakulira limodzi akumenya zitsekerero za mabotolo ndi mpini wa tsache pamsewu. Anali wamtali, woonda, ndipo m'mawa uliwonse ankatsitsa nsomba m'mabwato asanabwere kubwalo. Alenje anali atamudutsa kangapo konse, ndipo aliyense ankadziwa kuti akamudutsanso Loweruka, besibo yake yathera pomwepo.

Leudis anali akudikira pachipata, nsapato zili m'khosi. "Chule iwe, bwana amakuuza chiyani?" anafunsa. Ankamutcha Chule chifukwa cha kunyonyomala kuja.

"Amati Nsungwi ayambe kudya, mphepo ya kunyanja ingamuthyole alendo akuona," anayankha Yosmer. Leudis anaseka mpaka kutsokomola, koma Yosmer anaseka ndi mano okha.

3. Mawu a Chipupa

Lachisanu pokonzekera, Yosmer anayesa uphungu uja. Nthawi iliyonse wothamanga akaima pa mtsamiro woyamba, ankatsitsa chala chimodzi. Anagwira akuba awiri mochititsa kaso, ndipo Leudis anamenyedwa mipira yopita kutali osadandaula.

Kuseri kwa waya kunakhala amalume ake a Yosmer, a Evaristo, mlongo wawo wa a Zuleima. Iwowa anakhala wowakha wolipidwa kwa zaka zambiri, m'matimu a m'dziko lawo lomweli ndi a m'matauni aang'ono a ku Amereka. Oponya anawapatsa dzina loti Chipupa, poti mpira sunkawadutsa. Zala zawo zinali zokhotakhota ngati mizu ya chinangwa, ndipo mawondo ankalira akamadzuka pampando. Ndiwo anaphunzitsa Yosmer chilichonse, koma sanamuyamikirepo n'kamodzi komwe. Ngakhale pamene Yosmer anali wamng'ono, chikwama cha zovala za wowakha chikumulemera mpaka kupepesuka, iwo ankangoyenda patsogolo manja ali kumbuyo. "Wowakha amasenza yekha chikwama chake," ankatero.

Tsiku limenelo anamuitana pakhonde, akusoka chingwe cha golovesi yake.

"Dzulo unali ndi zala zisanu," anatero osamuyang'ana. "Lero ndaona chimodzi. Zinazo wagulitsa kwa ndani?"

Yosmer anazyolika. Kenako anafotokoza zonse zimene Bwana Rondón ananena. A Evaristo anaika golovesi pansi.

"Khala pansi, mphwanga, ndikuuze. M'bwalo lonse lija, wowakha yekha ndiye amayang'ana kwina. Anzako onse amayang'ana iwe, iwe umayang'ana iwo. Ukuganiza kuti anakukhazika chotero kuti uzidziona wekha? Woponya akaima pa kachulu kaja pakati pa bwalo amakhala yekhayekha ngati mwana wamasiye. Anthu akungomukuwiza. Chimene amaona ndi zala zako basi. Akagwedeza mutu kuvomera, ndiye kuti wakupatsa nsapato za ana ake, lendi ya nyumba yake, dzina lake, zonse.

"Ine ndinawakhira anthu amene sitinkamvana chilankhulo. Wina anali wa ku Korea, sitinkatha ngakhale kupatsana moni. Koma ndikatsitsa zala ziwiri, ankaponya m'fumbi ndi mphamvu zake zonse, podziwa kuti Chipupa ali pomwepo. Zala izi zinathyoka zikugwira ntchito imeneyo, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinakwera mabasi ozizira, ndinadya buledi wouma, timu yapamwamba sindinaifike. Koma mpaka lero oponya anga amandiimbira foni pa Khirisimasi.

"Tinali ndi mnyamata wina, mkono wake woposa wako kutalitali. Tinkamutcha Mfuti. Iyeyo ankaitanitsa mpira wokomera mkono wake. Oponya si zitsiru, mphwanga. Anayamba kupukusa mutu, kenako anayamba kupita kwa mphunzitsi mmodzimmodzi kukapempha wowakha wina. Nyengo isanathe anamukweza basi, mfuti yake ili m'chikwama. Tsiku limene woponya adzadziwe kuti zala zako zikugwirira ntchito iwe mwini, ndiye kuti watha, chifukwa mbiri yoipa imathamanga kuposa mpira."

"Nanga alenje akapanda kuuona mkono wanga, amalume?" anafunsa Yosmer.

"Ndiye kuti sanauone," anayankha a Evaristo. "Ine sindikunamiza. Ukhoza kuchita zoyenera n'kutsala pompano. Ndakuuza chimene wowakha ali. Zala ndi zako."

4. Pa Kachulu

Loweruka bwalo linadzaza. Panali ng'oma, malipenga, ndi ogulitsa madzi a nzimbe othira mandimu. Alendo anali anyamata a ku Cumaná, odziwika ndi matama. Alenje anakhala pamzere umodzi, mawotchi ali m'manja. Mmodzi yekha, mdala wa imvi wopanda wotchi, anakakhala payekha kuseri kwenikweni kwa wowakha, akusenda malalanje.

Masewera anayenda, koma palibe wa ku Cumaná amene anayesa kuba. Mbiri ya mkono wa Yosmer inali itawafika. Bwana Rondón ankangoyendayenda akudziluma milomo. Pofika chigawo chomaliza, Carúpano inali patsogolo ndi chigoli chimodzi, ndipo Leudis anakwera pa kachulu. Ankafunika kutulutsa omenya atatu kuti masewera athe, ndipo womenya amatuluka akaphonya katatu.

Woyamba anamutulutsa bwinobwino ndi mipira yokhota. Wachiwiri anali Wuilker, kamnyamata kothamanga ngati njinga yamoto, kamene nakonso kanabwera kudzadzionetsa kwa alenje. Kanagogoda mpira pang'ono n'kukafika pa mtsamiro woyamba. Pomwepo kanayamba kuvinavina, kakuchoka pa mtsamiro n'kubwereranso. Ngakhale ogulitsa madzi anadziwa kuti kaba. Alenje onse anakweza mawotchi.

"Yosmer!" anafuula Bwana Rondón, atakweza chala chimodzi poyera. "Nthawi yako ndi imeneyi!"

Womenya wotsatira anali chimphona chotchedwa Jhoandry, chimene mpira wowongoka chinkaumwa ngati madzi. Yosmer ananyonyomala. Anatsitsa chala chimodzi.

Leudis anayang'ana chalacho kwa kanthawi, kenako anagwedeza mutu n'kuponya. Phaa! Mpira unauluka kudutsa mpanda n'kukagwa pa malata a msika. Anthu a ku Cumaná analumpha, koma woimbira anatambasula manja. Mpirawo unali utadutsa kunja kwa mzere pang'onong'ono, choncho unangowerengedwa ngati kuphonya kumodzi, ndipo Wuilker anabwerera pa mtsamiro woyamba.

Yosmer anachita manyazi aakulu. Anapempha nthawi kwa woimbira, anavula chigoba, n'kupita pa kachulu. Leudis anabisa pakamwa ndi golovesi.

"Chule, ine ndikudziwa zimene bwana anakuuza," anatero motsitsa mawu. "Ndinaziona dzulo. Usavutike nazo. Ika chala chimodzi, ndiponya. Ine zanga zinada kale. Bola mmodzi wa ife akwere ndegeyo."

Yosmer anamuyang'ana mnzakeyo. Manja ake anali ong'ambikang'ambika ndi zingwe za mabwato, ndipo ankamwetulira ngati wanena nthabwala.

"Tatseka pakamwa, Nsungwi iwe, mphepo ingakulowe," anatero Yosmer. "Uponye wako uja. Uuponye m'fumbi mwenimweni, usaunyengerere. Kumbuyoku kusiyire ine."

"Wakubayo apita ulele."

"Apite. Akafika atiuze kuti kuli bwanji."

Anabwerera, anavala chigoba, ananyonyomala, n'kutsitsa zala ziwiri.

5. M'fumbi

Mpira unabwera ngati ukufuna pachifuwa pa Jhoandry, kenako unathyoka n'kugwa. Chimphona chinamenya mphepo. Yosmer anagwada n'kutchinga ndi chifuwa, di! Pamene ankautola, Wuilker anali ataima kale pa mtsamiro wachiwiri, akusasa fumbi limene panalibe. Alenje anatsitsa mawotchi osayeza kanthu. Bwana Rondón anamenyetsa chipewa pansi.

Zala ziwiri. Jhoandry anamenyanso mphepo mpaka kuzungulira ngati nguli, ndipo anatuluka. Mpira unamenya Yosmer pamkono, mkono unachita dzanzi, ndipo Wuilker anabanso n'kufika pa mtsamiro wachitatu.

Apa zinthu zinafika povuta. Kuchoka pa mtsamiro wachitatu, wothamanga amangotsala ndi mtunda umodzi kuti apeze chigoli. Mpira ukangomudutsa wowakha, zatha. N'chifukwa chake owakha ambiri, ngakhale akuluakulu, pamenepa amaopa kuitanitsa wa m'fumbi. A ku Cumaná ankadziwa zimenezi ndipo anayamba kuimba. "Chule watopa! Chule wamva kuwawa! Bweretsa wowongoka!"

Yosmer anapukuta dzanja pa buluku n'kutsitsa zala ziwiri. Womenya womaliza anaphonya, mpira unathera pa ntchafu. Zala ziwiri. Anaphonyanso, mpira unathera paphewa. Leudis tsopano ankaponya ngati munthu wina, mapewa ali m'mwamba, maso akuwala. Alenje aja anali atasiya kuyang'ana mawotchi, anayamba kunong'onezana akuloza pa kachulu.

Zala ziwiri kachitatu. Mpira uwu ndiye unakhota moti anthu anachita kuti haa! Womenya anaphonya. Mpira unanjanja pa kamwala n'kumenya Yosmer pambali pa khosi, pamene palibe chotchinga. Anaona mdima. Mpweya unamuthera. Koma mpira sunadutse, unagwera pakati pa mawondo ake. Anaufwamphula n'kukhudza nawo womenya uja asanathawire pa mtsamiro woyamba, monga lamulo limafunira mpira womaliza ukagunda pansi, ndipo woimbira anakweza chibakera. Masewera anatha, Carúpano inapambana.

Ng'oma zinalira. Leudis anathamanga n'kumunyamula Yosmer m'mwamba, misozi ikutsika. "Chule wamisala iwe! Chule wanga!" Sanathe kunena zambiri, chifukwa alenje atatu anali atamuzungulira kale, akufunsa za zaka zake, za makolo ake, ndi kumene anaphunzira mpira wotere.

Kwa Yosmer sikunabwere aliyense, kupatula Bwana Rondón. "Ndakutsegulira chitseko, iwe wachitseka ndi mwendo," anatero mokalipa. "Tsiku lonse osaponya n'kamodzi komwe! Anthu achoka kutali kudzaona mkono, iwe ukuwaonetsa kugubuduka m'dothi. Zako izo."

Yosmer anakhala pabenchi n'kuyamba kumasula zotchinga miyendo. Anakondwera chifukwa cha Leudis, zimenezo n'zoona. Koma mtima unamuwawanso kwambiri, ndipo misozi inalengeza m'maso. Ndege yake inali itauluka iye akuona.

6. Chikwama

Atalongedza zonse, anatambasula dzanja kuti anyamule chikwama. Dzanja lina, la zala zokhotakhota, linali litachigwira kale.

"Amalume, mawondo anu," anatero Yosmer. "Paja wowakha amasenza yekha..."

"Ukundiphunzitsa malamulo anga omwe?" anamudula a Evaristo. Anachikoleka paphewa, mawondo analira, ndipo anayamba kuyenda. "Iwe tsogola. Khosilo usalibise."

Sanadzere njira yachidule. Anadzera pakati pa msika, pamene anthu anali ambiri. A Evaristo, amene nthawi zonse sankakonda kulankhula ndi anthu, tsiku limenelo anaima pa benchi iliyonse. "Mwamuona uyu?" ankafunsa ogulitsa nsomba. "Mwana wa mlongo wanga ameneyu. Wothamanga ali pa wachitatu, iye zala ziwiri, katatu konse! Taonani khosilo. Palibe mpira umene wadutsa." Amayi ena anamupatsa Yosmer arepa yotentha, chikondamoyo cha kumeneko, bambo wina anamupatsa madzi oundana oti aike pachotupa. Yosmer ankayenda khosi likupweteka, koma mutu sunafune kuwerama.

Atakhota pa msewu wa kwawo, anaima. Pakhomo panali galimoto yoyera, ndipo pambali pake panaima mdala wa imvi uja wosenda malalanje. Mdalayo atatambasula dzanja kupereka moni, Yosmer anaona kuti zala zake nazonso zinali zokhota.

"Figuera!" anafuula a Evaristo. "Ndimayesa unafa kalekale, fisi iwe! Wayamba ulenje?"

"Ndinayamba mawondo atandikana," anayankha a Figuera. "Ndabwera kudzaona Chipupa."

"Ndine pano. Wandiona."

"Iwe ndinakuona mokwanira, mdala, ndipo unagumuka kale. Ndikunena chatsopanochi." Anatembenukira kwa Yosmer. "Mikono ndaiona yambiri, mnyamata, ndipo wako ndikhoza kuuyeza tsiku lililonse. Chimene ndaona lero wotchi siyeza. Oponya athu akusowa munthu woti azimukhulupirira. Makolo ako alipo?"

A Evaristo anatsitsa chikwama pang'onopang'ono n'kuyang'ana kumbali, akunamizira kuti m'maso mwalowa fumbi.

Chitseko chinatseguka. A Zuleima anatuluka, epuloni ili m'chiuno, m'manja muli yunifolomu ya sukulu ya Yosmer imene anali akusita. Anayang'ana chotupa cha pakhosi pa mwana wawo, anayang'ana mchimwene wawo, kenako anayang'ana mlendoyo kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

"Kholo lake ndine," anatero. "Lowani, bambo, mpando ulipo. Koma musanatsegule pakamwa, muyambe mwamva zanga."